Louis Pasteur ndi nkhondo yache yolimbana ndi chiwewe

Louis Pasteur anabadwa pa 27 Disembala 1822 m'mudzi wa Dole m'dziko la France, nakulira ku Arbois. Atate wache anali munthu wamba wofufuta zikopa, amene kale adakhalapo msilikali wa Napoleon. Ali mnyamata sanaoneke wanzeru zopambana anzache. Chimene ankadziŵa bwino ndicho kujambula nkhope za anthu. Koma atapita ku sukulu yaikulu ku Paris anadzipereka pa maphunziro a kemisitiri, ndipo mu 1849 anakwatira Marie Laurent, mkazi wopemphera, amene anamlembera zolemba zache ndi kumsamala kufikira imfa.

Masiku amenewo anthu ophunzira ambiri ankakhulupirira kuti tizirombo timangobuka tokha m'zinthu zoola. Pasteur anaŵiritsa msuzi m'mabotolo a khosi lalitali lokhota, kotero kuti mpweya unkaloŵa koma fumbi linkatsalira pokhotapo. Msuziwo sunaole. Atathyola khosilo, unaola m'masiku oŵerengeka. Motero anaonetsa kuti tizirombo timabadwa ku tizirombo tinzache, ndipo timafika ndi fumbi, madzi kapena manja. Anapezanso kuti kutenthetsa vinyo pang'ono kumapha tizirombo tomsasitsa, ndipo njira yomweyo ndiyo imasunga mkaka wa m'masitolo kufikira lero.

Nkhani ya matenda siinali ya m'mabuku mokha kwa iye. Mwa ana ache asanu, atatu anamwalira ali aang'ono, ndipo aŵiri mwa iwo, Jeanne mu 1859 ndi Cécile mu 1866, anafa ndi taifodi. Mu 1868 iye mwini anadwala nafa ziwalo mbali ya kumanzere, ali ndi zaka 45 zokha. Nchito zache zotchuka koposa anazichita akutsimphina.

Mu 1881 ku Pouilly-le-Fort anatemera gulu la nkhosa katemera wa nthenda ya anthrax, nasiya gulu lina losatemera, ndipo pambuyo pache anapatsa magulu onse aŵiri tizirombo taukali pamaso pa alimi ndi madotolo a ziŵeto. Pa 2 Juni zosatemerazo zinali zitafa kapena zirinkufa, zotemerazo zirinkudya msipu. Dzina lache m'Chifalansa litanthauza mbusa, ndipo tsiku limenelo linamuyenera ndithu.

Chiwewe chinali chovuta koposa. Kachirombo kache nkakang'ono kwambiri, kosaoneka ndi magalasi okuzira zinthu a nthaŵi imeneyo, ndipo Pasteur anamwalira asanakaone. Anangozindikira malo ache obisalamo, ndiwo ubongo ndi mtsempha waukulu wa m'fupa la msana. Pamodzi ndi womthandiza wache Émile Roux ankapatsira akalulu nthendayo, nkuchotsa mtsemphawo, nkuupachika m'botolo la mpweya wouma. Tsiku ndi tsiku ukali wache unkachepa, ndipo pofika sabata ziŵiri unali utatheratu pafupifupi. Popeza chiwewe chimatenga nthaŵi chisanafike ku ubongo, iye anaganiza kuti thupi la wolumidwa lingaphunzitsidwe kudziteteza nthendayo ikali pa njira.

Pa 6 Julaye 1885 mai wina wa ku Alsace anafika kwa iye ndi mwana wache wa zaka 9, Joseph Meister, amene galu wachiwewe adamluma moipa masiku aŵiri m'mbuyomo. Apa Pasteur anavutika mu mtima. Sanali dotolo, ndipo lamulo silikanamlola kubaya munthu. Kumsiya mwanayo kunali kumuika pa ngozi ya imfa yoopsa, pakuti chiwewe chikangoyamba kuoneka m'thupi pafupifupi palibe wochira, ngakhale lero lino. Komanso si aliyense wolumidwa amene amadwala, ndipo katemerayo akanatha kupha mwana amene mwina akanapulumuka yekha. Atafunsana ndi madotolo anavomera. Dotolo Grancher anambaya mwanayo kakhumi ndi katatu pa masiku 11, kuyambira ndi mtsempha wouma kwambiri kufikira waukali weniweni. Joseph sanadwale.

Sikuyenera kumpanga munthuyu woyera wa pa altare. Anali wokonda ulemu ndi wouma pa mikangano. Mabuku ache achinsinsi, amene anatsegulidwa kwa ofufuza m'zaka za m'ma 1970, aonetsa kuti katemera wa nkhosa zija anakonzedwa mwa njira ina yosiyana ndi imene iye analola anthu kukhulupirira, ndi kuti njira imene anagwiritsa nchito pa Joseph inali isanayesedwe mokwanira pa agalu. Zinamuyendera bwino, koma anabisa zimene sanayenere kubisa.

Mbiri itamveka, olumidwa anayamba kubwera kuchokera ku Russia ndi ku America komwe. Olemera ndi osauka anasonkha ndalama, ndipo mu Novembala 1888 nyumba yofufuzira matenda ya Institut Pasteur inatsegulidwa ku Paris. Kumeneko Joseph Meister, atakula, anagwira nchito yoyang'anira pa chipata.

Pasteur anamwalira pa 28 Seputembala 1895 pafupi ndi Paris. Mkamwini wache, amene analemba mbiri ya moyo wache, asimba kuti dzanja lina linali m'dzanja la mkazi wache, lina litagwira mtanda. Mwambo wa maliro unachitikira m'tchalitchi chachikulu cha Notre-Dame, ndipo pambuyo pache thupi lache linaikidwa m'chipinda cha pansi pa Institut Pasteur.