William Walker, Bambo Amene Anapulumutsa Tchalitchi cha Winchester

Amayi anzanga, ambiri timadziwa kuti Mayi Mary Sumner, amene anayambitsa Umodzi wa Amayi m'chaka cha 1876, anaikidwa m'manda pafupi ndi tchalitchi chachikulu cha Winchester ku Mangalande. Koma ndi angati amene anamvapo kuti tchalitchi chimenechi chinatsala pang'ono kugwa, iwo akadali moyo?

Anayamba kuchimanga m'chaka cha 1079, pamalo a chinyontho kufupi ndi mtsinje wa Itchen. Mbali ya kum'mawa inakhazikidwa pa mitengo yoyalidwa pamwamba pa dothi lofewa la m'dambo. Pofika 1905 makoma anali atang'aluka ndi kupendekeka. Amisiri akati akumbe kuti akonze maziko, maenje ankangodzaza madzi. Kupopa madziwo kunali koopsanso, chifukwa akanakokolola dothi lomwe linatsala pansi pa makoma. Apa m'pamene injiniya Francis Fox anaganiza zoitana munthu wodziwa kugwira ntchito pansi pa madzi.

Munthuyo anali William Walker, wobadwira ku London m'chaka cha 1869. Kuyambira 1906 mpaka 1911 ankatsika m'maenjemo, ena akuya mpaka mamita 6, atavala chisoti chamkuwa ndi zovala zolemera makilogalamu pafupifupi 90. Ankagwira maola 6 pa tsiku. M'madzimo munali bii, nyali inalibe ntchito, kotero zonse ankachita mofufuza ndi manja. Ankachotsa dothi lofewalo n'kuyala matumba a konkire, ndipo onse pamodzi anapitirira 25,000. Konkire ikauma, madzi ankapopedwa, omanga n'kulowa ndi njerwa zawo.

Taganizani, pansi pamenepo panali manda a zaka mazanamazana, ndipo madziwo ndi omwe ankakhalamo tsiku ndi tsiku. Iye akatuluka ankayatsa kaliwo wake, pokhulupirira kuti fodya amuteteza ku tizilombo. Ine monga namwino wakale sindingavomereze mankhwala amenewo, ngakhale kulimba mtima kwake sindikukutsutsa.

Pa 15 Julaye 1912 kunachitika mapemphero othokoza Mulungu, Mfumu George V ili pomwepo, ndipo pambuyo pake Walker anapatsidwa mendulo yaulemu. Chondimvetsa chisoni n'chakuti munthu amene anapirira madzi oipa zaka zonsezi anamwalira ndi mliri wa chimfine wa 1918, ali ndi zaka 49 zokha. Anaikidwa ku Beckenham.

M'chaka cha 1964 anaika chiboliboli chomukumbukira m'tchalitchimo. Tsoka ilo, wosemayo anayang'ana munthu wolakwika pa chithunzi chimene anamupatsa, nkhope n'kutuluka ya injiniya Fox. Panapita zaka zoposa 30 asanaike china chokhala ndi nkhope ya Walker mwini wake.