NAPOLEON PA ULALO WA KU LODI

Napoleon Bonaparte anabadwa m'caka ca 1769 pa cisumbu ca Corsica. Ali ndi zaka 9, atate wace anamtumiza ku France kukaphunzira za usilikari. Anzace a pa sukulu anali kumseka cifukwa ca kalankhulidwe kace, koma iye analimbikira masamu, nakhala katswiri pa nchito ya mizinga.

M'caka ca 1796 dziko la France linali pa nkhondo ndi Austria, ndipo Napoleon, ali ndi zaka 26, anaikidwa kukhala kazembe wa gulu limene linali kumenyana ku Italy. Asilikari ace anali anjala ndi ausiwa, komabe anapirikitsa adani ao kufikira ku mudzi wa Lodi, pa mtsinje wa Adda. Pamenepo panali ulalo wamitengo, utali wace ngati mayadi 200. Patsidya panatsala asilikari a ku Austria pafupifupi 10,000, atalozetsa mizinga yao pa ulalowo.

Pa 10 May Napoleon anathandiza yekha kulunjika mizinga, nchito imene akazembe sanali kuigwira. Anatumanso apakavalo kukafuna dooko kumtunda kwa mtsinje. Madzulo analamula apansi kuti aoloke. Atafika pakati pa ulalo anagwa ambiri, ndipo otsala anaima ndi mantha. Pomwepo akazembe Masséna, Berthier ndi Lannes anathamangira kutsogolo, asilikari nawatsata. Ena analumphira m'madzi osaya naombera ali momwemo. Adani anathawa, ndipo patapita masiku 5 Napoleon analowa m'mzinda wa Milan. Mbiri imati tsiku limenelo asilikari anamucha Kopolo Wamng'ono cifukwa ca kumkonda.

Nkhondo ya ku Lodi sinali yaikulu, pakuti gulu lalikulu la Austria linali litapulumuka kale. Koma inasintha mtima wa Napoleon: kuyambira pamenepo anadziyesa munthu wobadwira zazikulu. Mu 1804 anadziveka ufumu wa France. Mu 1812 analowa m'dziko la Russia ndi asilikari oposa 400,000, ndipo ambiri a iwo anafa ndi njala, matenda ndi cisanu. Atagonja ku Waterloo mu 1815, Angerezi anamtumiza ku cisumbu ca St Helena, m'nyanja ya Atlantic. Kumeneko, kutali ndi asilikari ace, anamwalira m'caka ca 1821.