John Longyear ndi Mzinda wa ku Chisanu

Kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, kupitirira dziko la Norway, kuli chilumba chotchedwa Spitsbergen. Kumeneko sikumera mitengo, ndipo nthaka yake njouma gwa ndi chisanu. Kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka pakati pa Febuluwale dzuŵa silituluka konse, koma kuyambira Epulo mpaka Ogasiti sililoŵa ngakhale pakati pa usiku. Pachilumba chimenechi pali mzinda wa Longyearbyen, umene udayambidwa ndi munthu amene adangopitako kukaona malo.

Munthuyo adali John Munro Longyear. Iye adabadwa m'chaka cha 1850 mu mzinda wa Lansing, m'chigawo cha Michigan ku America. Ali mnyamata adagwira ntchito yoyenda m'nkhalango, kuyeza malo ndi kufufuza kumene kudali mitengo yabwino ndi miyala ya chitsulo. Ntchito imeneyi idampatsa diso lodziŵa chuma chobisika m'nthaka. Pambuyo pake adalemera kwabasi, nakhala mfumu ya mzinda wa Marquette. Adali munthu wosabwerera m'mbuyo pa chimene watsimikiza. Njanji itadutsa pafupi ndi nyumba yake yamiyala, iye adalamula kuti nyumbayo iphwasulidwe, ndipo sitima idanyamula miyala yonse kupita ku Brookline, pafupi ndi Boston, kumene adakaimanganso.

M'chaka cha 1901 Longyear adakwera sitima ya pamadzi yonyamula alendo okaona malo, ndipo idakocheza ku Spitsbergen. Alendo anzake adachita chidwi ndi mapiri a nsonga zakuthwa ndi madzi oundana. Koma iye adakopeka ndi malasha amene ankaonekera m'mbali mwa mapiriwo. Adabwereranso mu 1903, natengako malasha pang'ono kuti akayesedwe, ndipo adapezeka kuti ngabwino. Tsono mu 1906 iye ndi mnzake Frederick Ayer adayambitsa kampani yotchedwa Arctic Coal Company. Adamanga nyumba za antchito m'chigwa china pafupi ndi nyanja, ndipo malowo adatchedwa Longyear City.

Ntchitoyo idali yoŵaŵa zedi. Khomo la mgodi lidali pamwamba pa phiri, motero malasha ankatsikira ku doko m'zitini zazikulu zoyenda pa chingwe. Chakudya, matabwa ndi zipangizo zonse zinkachokera kutsidya kwa nyanja, koma sitima zinkafika miyezi yoŵerengeka yokha pa chaka. Nyanja ikaundana, antchito ankatsala okhaokha mumdima, osalandira ngakhale kalata ya kwao. Ambiri a iwo adali ochokera ku Norway ndi Sweden, ndipo nthaŵi zina ankanyanyala ntchito podandaula za chakudya ndi malipiro.

Vuto lalikulu lidali lakuti chilumbacho chidalibe mwini. Kudalibe boma, apolisi kapena bwalo la milandu. Anthu akalimbirana malire a migodi, padalibe woŵaweruza. Longyear adapempha boma la kwao kuti liteteze malo ake, koma sadathandizidwe monga m'mene ankafunira. Ndalama zambiri zidaloŵa, phindu losaoneka bwino. Mu 1916, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, adagulitsa migodi ija kwa kampani ya ku Norway. Mu 1920 maiko adapangana kuti Norway ilamulire chilumbacho pamodzi ndi zinzake, zimene tsopano zimatchedwa Svalbard. Longyear adamwalira ku Brookline m'chaka cha 1922.

Dzina lake lidatsala. Mu 1926 malowo adayamba kutchedwa Longyearbyen, ndiye kuti mzinda wa Longyear m'chinenero cha ku Norway. Asilikali a ku Germany adautentha mu 1943, koma nkhondo itatha udamangidwanso. Lero muli anthu oposa 2,000, sukulu, chipatala ndi bwalo la ndege. Mgodi womaliza wa mzindawo udatsekedwa mu 2025, ndipo ambiri amene amafikako tsopano ndi ophunzira ndi alendo okaona malo. Mlendo akafuna kutuluka kunja kwa mzinda amaperekezedwa ndi munthu wamfuti, chifukwa cha zimbalangondo zoyera zimene zimayendayenda pachilumbapo.