Dennis Ritchie, mmisiri amene magulu awiri olimbana anamanga pa maziko ake

Mlimi wa fodya kwa Kaluluma ku Kasungu akamaona pa foni ya Android ngati ndalama za kumsika wa Chinkhoma zalowa, amadalira luso la munthu amene dzina lake silitchulidwa kawirikawiri.

Dennis Ritchie anabadwira ku New York mu 1941, ndipo anayamba ntchito ku Bell Labs mu 1967. Kumeneko iye ndi Ken Thompson anapanga Unix, kenako iye anakonza chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta chotchedwa C.

Poyamba eni ake, kampani ya AT&T, ankapereka Unix ku mayunivesite pa mtengo wozizira, ophunzira n'kumaisintha mmene afunira. Ataona kuti muli ndalama, anakhwimitsa malamulo. Mkangano unabuka. Mu 1983 Richard Stallman analengeza GNU, mu 1991 Linus Torvalds anatulutsa Linux, ndipo onsewa anafuna kuti aliyense aziona ndi kukonza mapulogalamu mwaufulu. Mu 1992 nkhani ya Unix inakafika kukhoti.

Ritchie sanali munthu waphokoso, komabe mbali zonse zimadyera m'munda mwake. Android inakhazikika pa Linux, yolembedwa mu C. Nayo iPhone ya Apple, kampani yotsekera zake m'nkhokwe, mizu yake ili mu Unix.

Anamwalira mu Okutobala 2011, patangopita masiku ochepa chimwalirireni Steve Jobs, nyuzipepala zikadali kalikiliki ndi maliro a Jobs.