Mbiri ya Malemu William Hoppe Murray ndi Mtundu Wao

Anthu ambiri m'dziko lino amawerenga Buku Lopatulika, koma ndi owerengeka amene amadziwa kumene kunachokera mkulu amene anatsogolera ntchito yolimasulira, malemu Dr. William Hoppe Murray.

Mabuku a mpingo aonetsa kuti tsinde la banjali lili ku Aberdeenshire, m'dziko la Scotland. Agogo ao, Mbusa Andrew Murray, anabadwa m'chaka cha 1794, ndipo anaoloka nyanja kunka ku Cape mu 1822. Pa nthawi imeneyo Bwanamkubwa Lord Charles Somerset analikuitana abusa a ku Scotland, pofuna kuti Chingerezi chizike mizu mu mpingo wa Dutch Reformed. Koma zinthu zinatembenuka. Mbusayo anaphunzira Chidatchi, nakwatira Maria Stegmann, naweta nkhosa ku Graaff-Reinet kufikira imfa yake mu 1866. Ana ake anakula ngati eni dziko, ndipo angapo analowa ubusa.

M'chaka chomwecho cha 1866 munabadwa mdzukulu wake William, mwana wa mbusa wa ku Worcester. Woyamba kufika kuno anali mbale wake, Andrew Charles Murray, pakuti atate ao anali a mimba imodzi. Iyeyu pamodzi ndi Mbusa T.C.B. Vlok anakhazikitsa misyoni ya Mvera, m'dziko la Mfumu Chiwere, mu 1889. A William anatsatira mu 1894, ndipo posakhalitsa anapatsidwa udindo woyang'anira misyoni yonse, imene likulu lake pambuyo pake linasamukira ku Nkhoma.

Ntchito yao yaikulu inali yomasulira Baibulo lonse m'Chinyanja chimodzi chomveka ku mapiri ndi ku nyanja komwe. Anaigwira zaka zambiri mothandizana ndi Dr. Alexander Hetherwick a ku Blantyre, ndiponso aphunzitsi eni chinenero amene anali kuyesa liu lililonse ngati likumveka pamudzi. Bukulo linasindikizidwa mu 1922. Mwana wao wamkazi, Dr. Pauline Murray, anatumikira odwala pa chipatala cha Nkhoma. Iwo anamwalira mu 1947, ndipo sukulu ya sekondale ya pa Nkhoma imadziwika ndi dzina lao.

Phunziro la mbiri imeneyi nali. Banja limene boma la atsamunda linaliitana kuti lifalitse Chingerezi linasankha kawiri konse kuphunzira chilankhulo cha anthu amene linawapeza. Pamene Chichewa chinalandira ulemu wokhala chilankhulo cha fuko mu 1968, chinali chitakhazikika kale m'mabuku, ndipo gawo lina la maziko amenewo linayalidwa ndi mdzukulu wa mlendo uja wa ku Scotland.