DR. JOHN KIRK: WOJAMBULA YEMWE NYAMA ZIDAMUZEMBA

Chipumireni pantchito ndili kwathu kuno ku Chintheche, ndipo ntchito yanga tsopano ndi yotolera zithunzi zakale. Ntchito imeneyi ndiyo idandikumanitsa ndi mbiri ya Dr. John Kirk, yemwe kusukulu tinkangomudziwa chifukwa cha mapiri a Kirk Range.

Kirk adabadwira ku Barry, m'dziko la Scotland, m'chaka cha 1832. Adaphunzira udokotala ku Edinburgh, ndipo mu 1858 adatsagana ndi David Livingstone pa ulendo wa ku Zambezi monga dokotala ndi katswiri wa zomera. Ntchito yojambula idapatsidwa kwa Charles Livingstone, koma zithunzi zake zambiri zidakanika. Zomwe timayamikira lero ndi za Kirk, yemwe ankajambula pa pepala lopaka mankhwala.

Zithunzi zake ndidaziona m'mabuku: mitengo ikuluikulu, nyumba, sitima, ndi manda a Mary Livingstone ku Shupanga. Ndidadabwa: mvuu ndi njovu zidali mbwee, nanga zili kuti? Yankho lili pa kamera. Masiku amenewo chithunzi chimodzi chinkatenga mphindi zingapo, chojambulidwacho chili duu osagwedezeka. Mlambe umadikira, mvuu ayi. Kujambula hatchi ikuthamanga kudatheka mu 1878, pamene Eadweard Muybridge adachita zimenezi ku California.

Choncho Kirk ankasonkhanitsa zomera, zikopa ndi mbalame n'kuzitumiza ku Britain. Mu 1860 bwato lake lidagubuduka pa mathithi a Cahora Bassa, zolemba zake zambiri n'kupita ndi madzi. Sadagwe mphwayi. Mu 1861 iye ndi anzake adadutsa gombe lathu lino pa boti, mpaka kudera la Mankhambira.

Pambuyo pake adakhala kazembe wa Britain ku Zanzibar, komwe mu 1873 adakakamiza Sultan Barghash kutseka msika wa akapolo. Adamwalira ku Sevenoaks mu 1922. Kagwape kotchedwa Kirk's dik-dik kadatenga dzina lake.

Mapepala a Kirk adakalipo chifukwa ena adawasamala. Nanga ife? Zithunzi za makolo athu zikutha ndi chinyezi ndi chiswe m'masutikesi. Ine ndidataya cha agogo anga ali pa bwato, ndipo chidalipo chimodzi chokhacho. Chonde zitulutseni, muzisunge pouma, ndipo mulembe kuseri kwake mayina ndi chaka akuluakulu ozindikira nkhopezo adakali moyo. Pamsonkhano wathu wotsatira bwerani nazo tidzaonere limodzi.