Alan Blumlein, bambo amene anagawa nyimbo kumanzere ndi kumanja

Mukavala mahedifoni n'kumva gitala kumanzere, ng'oma kumanja, dziwani kuti zinayamba ndi Alan Blumlein. Anabadwira ku London mu 1903. Mu 1931, ali ku EMI, analembetsa luso la stereo, ndipo mu 1934 analiyesa mu situdiyo ya Abbey Road. Anafa mu 1942, ali ndi zaka 38, ndege imene ankayeseramo radar itagwa. Poti inali nkhondo, boma silinalengeze imfa yake.

Mu 2019 Giles Martin anasakanizanso chimbale cha Beatles chotchedwa Abbey Road mu Dolby Atmos, mawu n'kumachokera mbali zonse, ngakhale pamwamba. Ineyo chimandiwawa n'chakuti dzina la Dolby tonse timalidziwa, koma la Blumlein, aaa, ndi angati mwa inu munalimvapo?